Alamu Akuti Zili Bwino

Pansi pa madzi palibe amene amayankhula, ndipo n'chifukwa chake achemwali anga anakondwa nditayamba ntchito imeneyi. Anati mwina makutu a anthu apumako. Kumtunda kuno amanditcha Wailesi, koma mukandibereketsa silinda ya mpweya n'kunditseka pakamwa ndi chopumira, ndimasanduka munthu waulemu ngati wina aliyense.

Ntchito yathu ndi yotsika ndi alendo pansi pa nyanja kukawaonetsa sitima imene inamira kalekale, agogo a agogo athu akadali kumsana. Siili kutali ndi gombe, ndipo pamalopo si pakuya. Tsiku limene madzi ayera, mukasuzumira muli m'boti mumaiona itagona chammbali ngati munthu wokhuta. Inkanyamula simenti m'migolo yamatabwa. Inagunda matanthwe masana, kunja kuli mbee, woyendetsa wake ali maso, zomwe mpaka lero sizimveka. Anthu onse anatuluka amoyo, ena osanyowa n'komwe. Koma simenti ija inamwa madzi n'kuuma momwemo. Matabwa anawola, simenti n'kutsala ndi thupi la mgolo, ndiye idakali m'mimba mwa sitimayo mizeremizere, ikudikira mmisiri amene anaiitanitsa.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndi alamu anga, amuna a achemwaliwo. Ananditola nditasiya sukulu, kapena tinene zoona, sukulu itandisiya. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Iwe ndi pakamwa pakopa udzamaliza mpweya wa anthu atatu. Koma bwera." Sanali munthu wa mawu ambiri, koma nthabwala ankazidziwa, zija zouma zonena nkhope ili gwa. Tinkanyozana kuyambira pa shopu yathu ya zida mpaka pa boti, monga muchitira pachilamu, ndipo m'madzi namo sitinkalekerana. Ndikaona nsomba yotupa mimba ndinkailoza, kenako n'kuloza iwo. Iwo ankasakasaka yonyansa kuposa pamenepo n'kundiloza ine.

Poti pansipo sitiyankhula, timayankhulana ndi manja. Zizindikiro zake si zambiri. Chala chachikulu chikaloza kumwamba ndiye kuti tikwere. Zala ziwiri zikagogoda pachikhatho ndiye kuti, mpweya wakutsalira wochuluka bwanji? Mnzakoyo amayang'ana geji yake, kawotchi kosonyeza mpweya wotsala, n'kukuwerengera ndi zala. Dzanja likadula pakhosi ndiye kuti mpweya wandithera, ndipo chimenecho sitiseweretsa. Koma chimene timachita pafupipafupi ndi kukumanitsa chala chachikulu ndi cholozera, kupanga kamphete, zala zinazo zili njo. Ndiye kuti, zili bwino? Mnzako akakhala kuti ali bwino amakubwezera kamphete komweko. Funso ndi yankho n'chimodzimodzi. Amene anayambitsa zimenezi anali waulesi, koma palibe anadandaulapo.

Matenda a alamu anayamba ngati nthabwala zawo zomwe, n'chifukwa chake tinachedwa kuwazindikira. Tsiku lina anasunga makiyi a shopu mufiriji. Tinaseka. Tsiku lina anafika pakhomo pawo pomwe n'kufunsa achemwali kuti, "Zikomo mayi, eni nyumba ino abwera nthawi yanji?" Achemwali anaseka n'kuwagenda ndi kansalu kopukutira mbale, koma alamu sanaseke. Anangoima pamenepo mwaulemu, chipewa chili m'manja, kudikira yankho. Atapita nawo kuchipatala, adokotala anatchula dzina lalitali limene tanthauzo lake n'loti munthu wayamba kuiwala, ndipo kuiwala kwake sikubwerera m'mbuyo.

Achemwali ndi telala. Makina awo ali pawindo la pabalaza, ndipo nkhani zikuluzikulu za m'banja mwathu zonse zimakambidwa phazi lawo lili pa makinawo. Anandiitanitsa.

"Iwe, tseka kaye wailesi yakoyo undimvere. Adokotala akuti alamu ako za m'madzi asiye."

"Adokotalawo anayamba alowamo m'madzi? Achemwali, alamu akusochera kumtunda kuno. Pansi paja ndi kwawo. Sitima ija amaidziwa kuposa mmene amakudziwirani inu, pepani kunena."

"Zimenezo ndinazidziwa ndisanabereke mwana woyamba. Usandiuze zakale."

Anasoka mzere umodzi, n'kudula ulusi ndi mano. Ndinadziwa chimene chinkawavuta, chifukwa nanenso ndinkachiona. Alamu akatsika m'madzi ankabwerako ali munthu. Ankafika kunyumba tsitsi lili ndi mchere, n'kuitana achemwali ndi dzina lija ankawaitanira ali pachibwenzi, n'kufunsa za ana mmodzimmodzi m'maina awo, n'kudandaula kuti wina wasuntha mpando wawo. Zinkakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka, kenako chifunga cha m'mutu chija chinkabwerera. Koma masiku amene nyanja yakwiya, ife osatuluka, ankangokhala tsiku lonse kuyang'ana khoma ngati munthu wodikira basi.

"Apitirize," anatero achemwali. "Koma iwe ndiwe maso anga. Tsiku limene udzaone kuti zafika m'madzi, udzandiuze tsiku lomwelo, ndipo adzasiyira pomwepo. Ukadzandibisira, n'kundibweretsera mtembo wonyowa, usadzanditchulenso kuti achemwali."

Ndiye tinayamba kukhala choncho. M'mawa ndinkadzera kwawo kudzawatenga, n'kutsika nawo msewu wa kugombe, kudutsa pa ometa tsitsi, pa famase, mpaka pa shopu. Nkhani ya sitima ija, imene kale ankafotokozera alendo ndi iwo, ndinaitenga ine. M'madzi tinasinthana malo: ine kutsogolo, alendo pakati, iwo kumchira. Masana ndikawabweza kunyumba, achemwali ankafunsa osaimitsa n'komwe makina.

"M'madzi?"

"M'madzi ali bwino."

Ndipo sindinkanama. Mukanawaona! Munthu amene kumtunda ankavala malaya chagada, pansi paja ankayandama phee ngati wagona pa matiresi, manja atapinda pachifuwa, zipsepse za kumapazi osakhudza ngakhale mchenga. Ndikacheuka n'kuwapatsa kamphete, ankandibwezera kamphete. Ndicheukenso patsogolo, kamphete. Miyezi inapita ndi kamphete.

Tsiku limene ndikunenali tinali ndi alendo awiri okha, mkwati ndi mkwatibwi, ukwati udakali kununkhira sopo. Mwamunayo anali ndi kamera yomangirira kukandodo, ndipo ankajambula chilichonse kupatula mkazi wake. Pa shopu masilinda odzaza timawamata katepi pakamwa n'kuwaimika kukhoma lakumanja, otsikapo kale amakhala kumanzere. Ine ndinatanganidwa ndi kupezera mkwatibwi suti yolowera m'madzi yomukwana, alamu n'kudzitengera okha silinda monga mwa masiku onse. M'boti, tikumanga malamba, ndinawafunsa.

"Mpweya uli bwino, alamu?"

"Uli bwino."

Kaputeni wa boti lathu, munthu wamkulu thupi amene m'madzi salowa chifukwa akuti sanaiwalemo kanthu, anazimitsa injini pa boya, chimpira choyandama pamwamba pa sitimayo, n'kumangirira. Tinadzigwetsa chagada, n'kutsika ndi chingwe.

Madzi tsiku limenelo anali ngati galasi. Kuwala kwa dzuwa kunkafika mpaka pansi n'kumagwedezeka pa zitsulo ngati ukonde. Tinayambira kumbuyo kwa sitima, pamene pulopela, chipupa chopalasa madzi, inazika tsamba limodzi mumchenga. Nthiti za sitimayo zinavala korali yense, miyala ija yomera m'nyanja, wina ngati kabichi, wina ngati nyanga za mbawala, moti dzimbiri muyenera kuchita kulifunafuna. Tinsomba tachikasu tinkatuluka m'mawindo gulu lonse, n'kutembenuka nthawi imodzi ngati tamva belu. Ndinawadutsitsa pamwamba pa migolo ya simenti ija. Mkwati anaijambula yonse, mgolo ndi mgolo, ngati pali wina wosiyana ndi unzake.

Tinafika pa boyila, chimphika chachitsulo chachikulu ngati chipinda, m'mene ankasonkhamo moto woyendetsa sitimayo. M'bowo lina la boyilayo mumakhala mkunga wonenepa, nsomba yonga njoka, umene alamu anaupatsa dzina loti Alandilodi, chifukwa umangotulutsa mutu n'kumatsegula pakamwa osagwira ntchito. Pamenepo ndi pakati pa ulendo. Kuchoka apo timalowera kumatanthwe kumene sitima inagunda, ndiye ndi pamene timafunsana za mpweya. Alendo anandiwerengera bwinobwino. Ndinacheukira alamu, n'kuwapatsa kamphete. Anabweza. Ndinagogoda zala ziwiri pachikhatho.

Iwo anagogoda zala ziwiri pachikhatho.

Ndinaseka mpaka madzi kulowa m'magalasi otchinga kumaso. Ndinati ndi zija zawo zija: iwe mwana ukufunsa ine za mpweya, wako uli bwanji? Kunena zoona, aka sikanali koyamba kundiyankha choncho, ndipo nthawi zonse ndinkangoti alamu ayamba mwano. Ndiye nanenso ndinati ndibweze. Ndinaika zala ziwiri pamutu ngati nyanga, n'kuwaloza.

Anaika zala ziwiri pamutu ngati nyanga, n'kundiloza.

Ndinawayandikira. Munthu akamaseka m'madzi mumadziwa, maso amachepa, thovu limatuluka modukizadukiza. Maso a alamu sanachepe. Ankandiyang'anitsitsa mwachidwi, ngati mwana wa sukulu amene akuopa kulakwitsa, kudikira kuti ndichitenso chiyani. Ndinadzikanda m'khwapa. Anadzikanda m'khwapa.

Ndinaganiza zowayesa komaliza. Panali chizindikiro chimodzi chimene alamu sakanachiseweretsa ngakhale ataledzera, chimene anandimenyera khofi ndili wophunzira nditachichita mocheza. Ndinadula dzanja pakhosi. Alamu amene ndimawadziwa ine akanandilumphira nthawi yomweyo n'kundiika chopumira pakamwa.

Anadula dzanja pakhosi, mwaulemu, n'kupindanso manja pachifuwa.

Ndinagwira geji yawo n'kuitembenuza. Muvi unali utalowa kale pofiira, kutsala pang'ono kugona. Anali atatenga silinda ya kukhoma lakumanzere.

Aliyense wa ife amakhala ndi chopumira chachiwiri, chachikasu, chopatsa mnzake zikavuta. Ndinasolola changa n'kuwapatsa. Anachiyang'ana, n'kusolola chawo chachikasu, kundipatsa ine. Tinaima choncho pambali pa boyila, amuna awiri akuluakulu, kupatsana mphatso. Ndinayesa kuwachotsa chopumira cha pakamwa pawo, koma analuma zolimba n'kubweza mutu m'mbuyo. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa kuti chopumira sulola munthu kukulanda.

Ndiye ndinachita chimene chinatsala. Ndinawafumbatitsa chachikasu changa m'dzanja lamanja. Ndinawayang'ana m'maso, n'kuchotsa chopumira changa pakamwa pang'onopang'ono, ndikutulutsa tithovu. Nawo anachotsa chawo, akutulutsa tithovu, mwaukatswiri ngati akuphunzitsa kalasi. Ndinabweza changa pakamwa ndi dzanja lamanja. Nawo anakweza dzanja lamanja, n'kuika chachikasu chija pakamwa. Ndinadina batani lochotsa madzi, ndipo ndinamva mpweya wa m'silinda yanga ukukokedwa ndi anthu awiri.

Ndinaloza chala kumwamba kwa alendo aja. Tinabwerera kuchingwe, ine nditakola lamba wa alamu ndi dzanja, n'kukwera pang'onopang'ono. Chapakati timaima kaye kuti thupi lizolowere, ndiye tinaima pamenepo maso ndi maso, paipi imodzi pakati pathu. Pansi pathu sitima ija inali chigonere, tinsomba tikulowa ndi kutuluka. Sindinawapatse kamphete. Ndinali nditadziwa kale chimene ayankhe.

M'boti mkwati anali wosangalala kwabasi.

"Akulu, zija munatisonyeza zija zinali bwino zedi! Zosinthana zopumira zija. Ndajambula zonse. Mumachitira alendo onse?"

"Okhawo amene tawakonda," ndinatero.

Kaputeni anathandiza alamu kuvula silinda, ndipo ndinamuona akuyang'ana geji. Anayang'ana ine. Kenako anadzutsa injini n'kundifunsa.

"Wailesi yatha mabatire lero?"

"Ikusaka siteshoni."

Alamu anali atakhala kutsogolo kwa boti, thaulo lili m'khosi, nkhope ili ngwee. Anali atabwerera, ngati masiku onse akatuluka m'madzi.

"Iwe Wailesi, wawaona Alandilodi mmene anenepera? Ameneuja akudya lendi ya nkhanu zonse za m'boyilamo. Ndipo uwauze alendo akowa, bamboyo amapalasa ngati akupondaponda matope a njerwa. Andithyolera korali tsiku lina."

"Ndiwauza, alamu."

"Mutu uli pansi bwanji? Mkazi wakukana?"

"Sanandikane, akuganizabe."

"Akuganiza bwino."

Titatsuka zida n'kuziyanika, tinayamba kukwera msewu wa kunyumba. Alamu ankapereka moni kwa aliyense, ometa tsitsi, mayi wa pa famase, onse m'maina awo. Ine m'mutu ndinali pa msika, kutsatsa bodza ndi kulitsitsa mtengo ndekha. Ndinkati, vuto ndi silinda basi. Kuyambira mawa ndizisankha ndine, geji ndiziyang'ana ndine, nkhani yatha. Ndinatsala pang'ono kugula. Koma funso limodzi linkandikakamira: kamphete kaja kanasiya liti kukhala yankho? Sabata yatha? Miyezi yapitayo? Nthawi yonseyi ndinkafunsa galasi, galasi n'kumandiuza kuti zili bwino, ine n'kumakapereka lipoti kwa achemwali. Ndipo munthu ameneyu ndi amene ndinkamuika kumbuyo kwa alendo kuti awayang'anire.

Tinapeza achemwali akusoka diresi la buluu. Alamu anawaitana ndi dzina lachibwenzi lija, n'kuwatsina paphewa podutsa, n'kukakhala pampando wawo. Achemwali anamwetulira osadzutsa mutu.

"M'madzi?"

"Achemwali, lero tinali ndi mkwati wina, kamera kutsogolo, mkazi kumbuyo. Ndikukuuzani, ukwati umenewuja ukadzatha adzagawana zithunzi za simenti. Ndiye mkaziyo suti yoyamba inakana kukwera, yachiwiri inakwera koma..."

Makina anaima.

"Ndakufunsa za m'madzi."

Ndinayang'ana alamu. Anali akuthira tiyi m'kapu, dzanja losanjenjemera, akuimba kanyimbo ka m'mphuno. Ndikanawapeza ali m'chifunga chawo chija zikanaphweka, ndikanangowanena ngati palibe. Koma anali pompo, athunthu. Ndinakoka kampando n'kukhala pafupi nawo.

"Alamu, ndikufuna nzeru. Pali munthu wina kuntchito."

"Wabanso zipsepse?"

"Ayi. Ndi katswiri, wakale pa ntchito. Koma lero pa boyila ndamufunsa za mpweya, iye n'kundibwezera funso lomwelo."

"Mwano umenewo."

"Nanenso ndinatero. Ndiye ndamupatsa ichi." Ndinadula dzanja pakhosi.

Alamu anaika kapu pansi. "Wachita chimenecho mocheza? Sindinakuuze iwe?"

"Ndimamuyesa, alamu. Nayenso wangondibwezera chomwecho, n'kupinda manja. Chilichonse ndingachite, akuchita. Ndikayang'ana geji yake, ili pofiira, iye osadziwa."

"Anali ataledzera?"

"Samwa."

"Alendo analipo?"

"Awiri."

Anapukusa mutu. Nkhope inali ija ya kale, ya pa shopu, imene tonse tinkaiopa.

"Ameneyo asalowenso m'madzi. Ngakhale m'bafa azisamba chitseko chili chotsegula. Adzafa, ndipo adzatenga wina. Wamuuza?"

"Ndikuopa. Ndi munthu wamkulu, ndipo madziwo ndi moyo wake."

"Moyo wake uli m'mapapo mwake, osati m'madzi. Umuuze lero lomwe, maso ndi maso. Ndipo usakayambe ndi nthabwala zakozo, munthu amafunika kumuuza ngati munthu. Ndani ameneyo? Ndimamudziwa?"

Achemwali anali atagwira nsalu ija ndi manja onse awiri. Kunja wina ankakhoma msomali. Ndayankhula zambiri pa moyo wanga, zina zolipiritsa, koma mawu awiri awa anandilemera ngati lamba wa mtovu womirira m'madzi.

"Ndi inuyo."

Sanakane, sanakalipe. Anayang'ana ine, anayang'ana akazi awo, kenako anatambasula manja awo pamaondo n'kumawayang'ana nthawi yaitali, kuwatembenuza uku ndi uku ngati awabwereka kwa munthu.

"Alendowo atuluka bwino?"

"Atuluka bwino."

"Unanditulutsa ndi chachikasu?"

"Eya."

"Unaima chapakati, kapena unangothamangira kumwamba ngati botolo?"

"Ndinaima, alamu."

"Chabwino." Anapinda manja aja. "Zipsepse zanga zija usabwereke mlendo. Zinazolowera phazi limodzi."

Anadzuka, n'kulowa kuchipinda, n'kutseka chitseko mosapanga phokoso. Tiyi anamusiya.

Achemwali anandiperekeza mpaka pageti, chinthu chimene sanachitepo chibadwire changa. Anagwira chitsulo cha getilo n'kumayang'ana kumsewu.

"Ndiye kuti sazibweranso."

"Ndani?"

"Mwamuna wanga weniweni, uja amabwera masana uja."

Anapukuta m'maso ndi tepi yoyezera imene inali m'khosi mwawo, ngati kuti tepi imapukuta kanthu.

"Tamvera, mchimwene wanga. Bwanji uziwatenga kamodzikamodzi? Popanda alendo, inu awiri basi. Silinda uzisankha ndiwe, uziwagwira dzanja. Pamwambamwamba pompa, angoiona sitima yawoyo n'kubwerako. Ngakhale kamodzi pa sabata."

Amenewa ndi achemwali omwe aja a mtembo wonyowa. Ndipo ine ndi yemwe uja ndinanyoza adokotala. Tinali titasinthana malo osauzana.

"Achemwali, nditachotsa chopumira changa pakamwa, iwo anachotsa chawo. Lero zatithandiza. Koma ine m'madzi ndimachotsa chopumira ndikafuna kutsokomola, ndimavula magalasi akachita nthunzi. Tsiku lina ndidzachita zimenezo nditayang'ana kumbali, iwo akundionera."

"Sungasamale?"

"Ndingasamale masiku ambiri. Koma limodzi lokha ndi lokwanira."

Anandiyang'ana ngati ndawabera. Kenako anagwedeza mutu, n'kubwerera m'nyumba. Ndili pamsewu ndinadikira kuti ndimve makina akulira, koma sanalire.

M'mawa mwake ndinati ndidzere njira ina, ya kumsika, kuti ndisadutse pakhomo pawo. Miyendo inakana, inanditengera komweko. Ndinawapeza alamu ataima pakhonde, chikwama cha zida chili paphewa, malaya atavala chagada, nsapato zili bwinobwino. Achemwali anali kumbuyo kwawo pachitseko, maso otupa. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Za dzulo zonse zinali zitafufutika.

"Wachedwa, Wailesi," anatero alamu. "Madzi akhala oyera lero, taona kumwambaku. Tiye."

Ndinayang'ana kumwamba. Sananame, kunalibe ndi kamtambo komwe, ndipo mphepo inali itagona. Tsiku ngati limenelo sitima ija imaoneka yonse, kuyambira pulopela mpaka mphuno.

Ndinawalandira chikwama chija n'kuchiika pansi. Ndinakhala pa sitepe, n'kupukuta fumbi pambali panga ndi dzanja.

"Tipita, alamu, Kaputeni akuthira kaye mafuta. Takhalani pansi pang'ono, ndikufuna nzeru. Pali munthu wina kuntchito."

Anakhala, n'kutsamira kwa ine kuti amve bwino.

"Watani?"